Lamulungu lotsanzikana ndi alamu

Ndinadzuka tambala asanalire, osati chifukwa cha changu, koma kutentha. Okutobala wa kuno ku Chikwawa, ngakhale uyale mphasa pabwalo, thukuta limakupezabe. Amayi ndinawapeza atakhala kale pakhonde akusankha nyemba mumdima, ndipo ndinadziwa kuti sanagone. Lero mpingo wathu umatsanzikana ndi mlongo wanga ndi alamu anga. Lachitatu akunyamuka kupita ku Mozambique, dera la Mutarara, kukatumikira zaka zitatu.

Kutchalitchi kunadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Abusa anawerenga Aroma 10, pamene pamanena zoti munthu sangalalikire asanatumidwe, kenaka anatikumbutsa kuti umishonale si wa azungu okha. Anatchula David Kaunda, amene anatumidwa kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chinsali m'dziko la Zambia, ndipo mwana wake anadzakhala mtsogoleri wa Zambia. Anatchulanso Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wa kuno kwathu, amene anakamwalirira ku Msoro, ku Zambia komweko, mu 1913. Chopereka chinali chosakaniza: ndalama pang'ono, mapira, nkhuku zitatu, ndi njinga imene amayi a mvano anasonkherana. Nkhuku imodzi inamasuka nthawi ya pemphero, anyamata n'kumaithamangitsa maso ali chitsinzinire.

Nkhani yeniyeni inabuka pa nsima ya masana. Amayi anasamba m'manja, n'kuyang'ana mkamwini wawo.

"Bambo, ndifunse. Kuno anthu osapemphera atha? Nanga kumeneko mukapindula chiyani?"

Alamu anayamba aseka, kenaka anafotokoza mofatsa. Iwo anabadwira ku Nsanje, ndipo ali mwana ankapemphera limodzi ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Mtendere utabwera mu 1992 anthu aja anabwerera kwawo, ena n'kukayambitsa timipingo pansi pa mitengo. Timipingo timeneto tilipo mpaka lero, koma wophunzitsa atsogoleri ake ndiye akusowa, ndipo ndi eni ake amene apempha. Alamu Chisena ndi chawo chobadwa nacho, Chipwitikizi chokha ndiye chikuwapinda lilime. Mlongo wanga akaphunzitsa amayi kuwerenga, monga ankachitira kusukulu ya kwacha.

Funso loyamba analiyankha bwino. Lachiwiri analilumpha, ndipo amayi anaona. Ndalama imene mpingo walonjeza pamwezi ndikuidziwa. Wakabaza wolimbikira pa Dyeratu amaiposa.

Dzuwa litapendeka alamu anandipempha kuti ndiwaperekeze kumanda a amishonale akale achizungu kufupi ndi boma. Ndinapitako komaliza ndili kupulayimale. Pagona Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson, onse anamwalira mu 1863, wina Januwale wina Malichi. Anali a gulu la amishonale a Anglican lotchedwa UMCA limene linabwera mu 1861 potsatira pempho la David Livingstone. Anayamba ku Magomero, n'kutsikira kuno kwa Chibisa zinthu zitavuta. Mtsogoleri wawo, Bishopu Charles Mackenzie, anali atamwalira kale mu Januwale 1862 pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Bwato lake linagubuduzika, mankhwala a malungo n'kupita ndi madzi. Kuno kwa Chibisa anapeza chilala ndi njala yoopsa, anthu akugwidwabe ukapolo. Bishopu watsopano atabwera anaona kuti sizikuyenda, ndipo pofika 1864 mishoni inali itasamukira ku Zanzibar.

Ine anthu amenewa sindiwayesa angelo. Ku Magomero anagwirako mfuti polimbana ndi Ayao, ndipo zambiri za anthu a kuno sanazimvetse. Komabe kuima pamanda a munthu amene anasiya kwawo n'kudzafera m'dzuwa lino kumakutseka pakamwa. Alamu anangoti zii kwa nthawi, kenaka anati, "Awa anafa osaona ngakhale tchalitchi chimodzi cha njerwa. Lero kuchokera pano mpaka kumalire ku Marka, ungawerenge n'kumaliza?"

Ndinawauza kuti yankho limenelo akanawapatsa amayi. Iwo anati ayi, mayi safuna kumva za manda mwana wake akunyamuka. Pamenepo ndinawavomereza.

Pobwerera tinadzera pamlatho wa Kamuzu. Shire anali ataphwa, mchenga uli mbee, ana akusamba m'mphepete ngati ng'ona kulibe. Ndinaganiza zoti madzi omwewa akadutsa pa Chiromo ndi Nsanje amakathira mu Zambezi chakumunsi kwa Mutarara komweko. "Kunja" kumene tikulira lero ndi ulendo wa tsiku limodzi: minibasi mpaka Nsanje, kudinditsa pasipoti pa Marka, basi wafika. Koma mvula ikagwa ngati ya namondwe Freddy mu 2023, misewu imaduka, foni osagwira, ndipo pamenepo mpamene amayi akuopa.

Usiku uno ndikulemba ndi kuwala kwa foni, magetsi azima. M'chipinda chinacho amayi akulongedza katundu amene palibe anawapempha: mthiko, chipande, ufa wa mapira, mapiritsi a malungo. Ndawamva akuuza mlongo wanga kuti, "Neti iyi ndi yogonamo iwe ndi amuna ako. Ndisadzamve kuti mwapatsa Akhristu akaphere usipa."

Mlongo wanga wayankha kuti ku Zambezi kulibe usipa. Amayi ati bola wamva.