Sabata ya milandu ya ndewu ku Kasungu

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, ife amene timathandiza anthu pa zamalamulo timadziwiratu kuti chitokosi chidzaza. Ndalama zikalowa m'thumba, mowa nawo umakwera kumutu.

Lolemba m'mawa ndinapeza mnyamata wa kabaza atakhala pakona, manja ali m'masaya. Ndisanamufunse n'komwe anayamba yekha: "Achimwene, munthu uja sindinamukhudze ine. Botolo ndinangolikweza basi." Anakangana ndi kasitomala pa ndalama ya ulendo. Ndinamuuza kuti lamulo silidikira kuti dzanja lifike pathupi. Ukamukwezera munthu botolo mwadala, iye n'kuona kuti limutera pompo, mlandu wakwana kale pa gawo 253 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ya upandu, ndipo chilango chake chimatha kufika chaka chimodzi kundende. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza. Ndinamukumbutsa kuti sayenera kupitirira maola 48 m'chitokosi osaonekera kukhoti, ndipo madzulo ake anatuluka pa belo ya apolisi.

Nkhani imene inandidyera sabata yonse ndi ya Lachiwiri. Bambo wachikulire ndithu, tenanti pa esiteti ina cha ku Santhe, anamenya mnzake ndi mpini wa khasu polimbirana mabelo awiri a fodya. Wapolisi wina anaseka kuti mabelo awapezetsa belo ina, koma bambowo sizinawaseketse.

"Mwana wanga," anatero, "munthu uja anandiputa. Ananditukwana mkazi wanga ali pomwepo."

Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse, ndipo pabwalo la amfumu amalemera. Kukhoti kulemera kwake n'kochepa. Kuputidwa kumatha kutsitsa mlandu wakupha kuti ukhale wakupha mosafuna, koma pa kumenya sikufufuta mlandu. Kumangothandiza popempha majisitileti kuti achepetse chilango. Ndinayesa njira ya kudziteteza, ndinawafunsa bwinobwino mmene zinayendera. Apa m'pamene anadzimanga okha. Atatukwanidwa anachoka pachigafa, anapita kunyumba, anakatenga mpini, n'kubwerera. Munthu wodziteteza sakhala ndi nthawi yokatenga chida kunyumba, komanso mphamvu imene wagwiritsa ntchito iyenera kulingana ndi choopsa chimene chamugwera. Mnzawoyo analibe ngakhale kamtengo m'manja.

Chotsala chinali lipoti la kuchipatala. Anthu ambiri sadziwa kuti kapepala kameneka ndi kamene kamasankha gawo. Dokotala akalemba kutupa ndi mikwingwirima, mlandu umakhala wa gawo 254, zaka mpaka 5. Akalemba kuti chiwalo chawonongeka kwambiri kapena sichidzagwiranso ntchito, ndiye kuvulaza modetsa nkhawa, gawo 238, zaka mpaka 14. Mpini womwewo, mkwiyo womwewo. Wovulalayo anali atagonekedwa, diso lakumanzere atalimata bandeji.

Lachitatu ndinangotha nsapato kutsatira lipotilo, osalipeza.

Lachinayi kukhoti kunafika mayi wina, mwana kumbuyo, ankhoswe awiri pambali. Anati wabwera kudzathetsa mlandu wa mwamuna wake chifukwa kunyumba akambirana. Gawo 161 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu limaloladi khoti kuyanjanitsa anthu, koma pa timilandu ting'onoting'ono. Mwamunayo anamubaya mayiyu ndi mpeni paphewa, ulusi usanachotsedwe n'komwe. Woimira boma anakana, anati mlandu ndi wa boma, mayiyo ndi mboni chabe. Ankhoswe anakwiyira ine, ngati ndine ndinalemba lamulolo. Kunena zoona, ndinagwirizana ndi woimira bomayo, ngakhale ndinamvetsa kuti mayiyo akuganiza za ufa wa ana.

Lipoti la munthu amene anamenyedwa ndi tenanti uja linafika Lachisanu masana, mizere inayi yokha. Disolo silidzaonanso. Ndinapita kundende kumene bambo aja ali pa rimandi kukawauza kuti mlandu wakwera kufika pa gawo 238. Ndinawafotokozera kuti kukana ndi ufulu wawo ndipo boma liyenera kubweretsa umboni wosasiya chikaiko, koma mboni zilipo zitatu, ndipo kuvomera msanga khoti limakuganizira popereka chilango, makamaka kwa munthu amene sanapalamulepo.

Anakhala duu kwa kanthawi, akupotokola chipewa chawo. Kenako anandifunsa ngati ndingadutse pa esiteti ndikauze mkazi wawo kuti fodya wotsala pachigafa asamusiye anyowe.