Bondo loduka msempha ndi bondo lodyeka, mankhwala ake ndi osiyana

Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu mawondo amaona zakuda. Munthu amatsetsereka mapiri a ku Bembeke kapena ku Tsangano thumba la kachewere lili pamutu, anyamata amamenya mpira pabwalo la maenje okhaokha, kabaza naye sakuleka kugwetsa anthu mumsewu wa M1. Onsewa akafika kuchipatala mawu ndi amodzi: "Bondo likundipweteka." Chonsecho mavuto ake ndi awiri. Pali bondo lomwe china chake chaduka tsiku limodzi, ndiye pali lomwe ladyeka pang'onopang'ono kwa zaka, lija timangoti nyamakazi. Loyambalo kawirikawiri limakonzeka. Lachiwirilo palibe jakisoni kapena ufa umene ungalibwezere mwakale, ngakhale wogulitsayo alumbire pali malemu ake.

Pali bondo lina losafuna kugonera. Likatupa, likutentha, mwini wake thupi latentha ndipo sakulola ngakhale kulikhudza, mwina muli mafinya, ndipo mafinya amawononga chicherewecherewe cha m'bondo m'masiku ochepa. Pachipatala cha boma pa Dedza kapena pa Ntcheu pamakhala ma clinical officer a mafupa. Amapopa madzi a m'bondomo ndi jakisoni, akapeza mafinya amatsegula, kutsuka n'kuyamba mankhwala a mudiripi. Kutema mphini pa bondo lotupa n'kutsegulira tizilombo khomo. Lomwe latupa kwa miyezi munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, muyezetse TB.

Tibwere kwa wa mpira. Waponda, phazi lakanirira pansi, thupi lapotoloka, wamva kuti "thu" m'bondo, ndipo pasanathe maola ochepa latupa. Nthawi zambiri waduka ndi msempha wa pakati wotchedwa ACL, umene umagwira fupa la msongolo kuti lisathawire kutsogolo. X-ray siionetsa misempha, n'chifukwa chake ambiri amauzidwa kuti fupa lili bwino, n'kubwerera m'bwalo, bondo n'kumawagwetsa mpaka zina zam'kati kung'ambikanso. Wodziwa amagwira ntchafu ndi dzanja limodzi, linalo n'kukoka msongolo bondo litapindika pang'ono. Ukabwera mopanda kuima, waduka. MRI, makina ojambula amene amaonetsa ndi misempha yomwe, ndi yotsimikizira.

Si aliyense woduka ACL amene afunika mpeni. Woyenda panjira yosalala akhoza kukhala bwinobwino atalimbitsa minofu ya ntchafu ndi mafizo kwa miyezi itatu. Koma ngati bondo likupitirira kufooka mwadzidzidzi, kapena munthu akufuna kubwerera ku mpira, opaleshoni ndiyo njira. Kawirikawiri msempha wodukawo sausoka. Amatenga msempha wina kuseri kwa ntchafu kapena pansi pa kafupa kakutsogolo kwa bondo, kuboola fupa la ntchafu ndi la msongolo, kuulowetsa m'mabowomo n'kuumanga ndi masikuluwu kapena kabatani kachitsulo. Zolakwika zodziwika ndi ziwiri. Kupanga opaleshoni bondo lisanaphwe komanso lisanayambe kuwongoka lonse kumalisiya louma. Kuthamangira mpira pa miyezi inayi kapena isanu chifukwa ululu watha kumadula msempha watsopanowo, poti umakhala usanakhwime. Kudikira kwake ndi miyezi 9 mpaka 12, osachepera apo. Msempha wa m'mbali chakum'kati, MCL, ulibe matatalazi: umapola wokha bondo litamangidwa chothandizira pafupifupi masabata 6.

Pakati pa mafupa awiriwo pali timakhushoni tiwiri totchedwa meniscus. Magazi amafika m'mphepete mwa kunja mokha, choncho pong'ambika pamenepo pamasokedwa n'kupola, pamene pam'kati amangosadzapo. Dokotala amaboola timabowo tiwiri, kena ka kamera kena ka zipangizo. Bondo likakakamira osawongoka, chidutswa chapindikira pakati, pitani msanga chisanaphwanyike. Kusoka kumafuna ndodo kwa masabata angapo, koma n'kwabwino kuposa kuchotsa, chifukwa meniscus ikachepa nyamakazi imabwera msanga. Kwa munthu wamkulu amene bondo ladyeka kale, "kutsuka" ndi kamera sikuposa mafizo. Ndalama imeneyo isungeni.

Nyamakazi ya kudyeka imadziwika ndi ululu potsika phiri kapena ponyamuka pampando, kuuma m'mawa kosapitirira theka la ola, ndi kukukuta popinda. X-ray yake ajambule mutaimirira. Mukagona mpata wa pakati pa mafupa umaoneka wabwino pomwe unatha. Chithandizo choyamba n'chosakoma m'khutu koma ndicho chimagwira. Kilogalamu imodzi imene mwataya imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 a katundu pabondo pa sitepe iliyonse. Khalani pampando, wongolani mwendo, gwirani masekondi 5, tsitsani pang'onopang'ono. Kakhumi, katatu pa tsiku. Ndodo igwiridwe ndi dzanja la mbali yabwino, osati yodwalayo. Panado asapitirire magalamu 4 pa tsiku. Brufen ndi Indocid wa m'magolosale, womwedwa mwezi ndi mwezi m'mimba mulibe kanthu, ndiye amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kupha impso, makamaka kwa a BP, a shuga ndi omwa ma ARV okhala ndi tenofovir. Diclofenac wopaka ndi wofatsirapo.

Jakisoni wa m'bondo wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa monga triamcinolone wa 40 mg, amaziziritsa bondo kwa masabata angapo basi. Asabayidwe pafupipafupi kuposa kamodzi pa miyezi itatu, amakweza shuga kwa masiku ochepa, ndipo ngati mukuyembekezera opaleshoni yoika bondo lachitsulo pasanathe miyezi itatu musabayitse, chifukwa amawonjezera mpata wa matenda pabala.

Ndiye pali izi zikutchuka kuti zimameretsanso bondo. PRP ndi magazi anu omwe: amatenga mamililita 15 mpaka 60, kuwazunguza m'makina, kupatula madzi achikasu odzaza ndi tizidutswa toundanitsa magazi, n'kubaya mamililita ochepa m'bondo, kamodzi mpaka katatu. Ngozi yake ndi yochepa, ndipo ena amene nyamakazi yangoyamba amanena kuti ululu unachepa. Koma kafukufuku wa ku Australia wa mu 2021, wa anthu 288, anapeza kuti patatha chaka obayidwa PRP sanasiyane kwenikweni ndi obayidwa madzi amchere, pa ululu ngakhale pa kuchuluka kwa chicherewecherewe. Ma stem cell, maselo amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina, otengedwa m'mafuta a m'fupa la chiuno kapena a pamimba ndi odula koposa, ndipo umboni woti amameretsa bondo lodyeka palibe. Timapaketi ta ufa tolembedwa "stem cell" togulitsidwa pa WhatsApp ndiye n'kungotaya ndalama ya fetereza.

Kukonza chicherewecherewe kumatheka kwa wachinyamata amene pakumbika pamalo amodzi, pang'ono, kwinako kuli bwino. Amaboola timabowo m'fupa kuti magazi atuluke n'kuundana pamenepo. Chomera pamenepo chimakhala chofewerapo kusiyana ndi chachibadwa, ndipo mwendo sapondera masabata 6. Kwa wazaka za m'ma 40 kapena 50 wa matewe, amene mbali yam'kati yokha yadyeka, amadula fupa la msongolo chakumtunda, kuliwongola n'kumanga ndi chitsulo kuti thupi lizilemerera mbali yamoyo. Kwa mlimi iyi ndi njira yofunika kuifunsa, chifukwa bondo limakhalabe lake.

Bondo lachitsulo ndi la amene mafupa akukhulana, tulo sakugona, zina zonse zalephera. Amabaya pamsana kuti miyendo ichite dzanzi, kusadza nsonga zodyekazo, kumata zitsulo ndi simenti ya mafupa, pakati n'kuikapo pulasitiki yolimba. Ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo mawa lake munthu amaimitsidwa. Mwa mawondo 10 otere, pafupifupi 8 amafika zaka 25, komabe munthu mmodzi mwa asanu amatsala ndi kaululu kapena kusakhutira. Zoopsa zake ndi matenda pachitsulo, kuundana kwa magazi m'katumba, ndi kuuma. Shuga atsike kaye, mano obooka ndi zilonda za m'miyendo zichizidwe, fodya asiyidwe. Madokotala akuluakulu a mafupa amapezeka ku chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queens ku Blantyre, ndipo mumadzera pachipatala cha boma ndi kalata. Ana a miyendo yopindika amathandizidwa ulere ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre.

Chomwe ambiri sauzidwa n'chakuti bondo lachitsulo silinyonyomala mpaka pansi ndipo kugwada kumavuta. Apa pakhomo pakonzedwe munthu asanagonekedwe: pachimbudzi chokumba aikepo mpando woboola pakati ndi mtengo wogwira, mbaula ikwezedwe, mphasa ilowedwe m'malo ndi bedi kapena mpando wautali. Mugwirizanenso za thiransipoti yopitira ku mafizo, chifukwa pofika masabata 6 bondo liyenera kuwongoka lonse ndi kupindika madigiri 90. Likalephera amakugonekaninso n'kulipinda mwamphamvu, ndipo zimenezo zimathandiza bwino miyezi itatu isanathe.