Mmene ndinathanirana ndi ka "s" ka m'Chingerezi

Chimene chinkandipweteka mutu pa Chingerezi sichinali mawu ataliatali ayi, koma aneni aafupi omwe timawatchula tsiku lililonse. M'Chichewa mneni amasintha kumayambiriro: ndimapita, umapita, amapita. Chingerezi chimangoti "go" kwa aliyense, koma chikafika pa "he", "she" ndi "it" chimaphatika ka "s" kumapeto. Kameneka n'kamene kanandizunza.

Ndinayamba ndi "be" chifukwa ndiye wamakani kuposa onse: "I am", "he is", "we are". Apa ndinangoloweza basi. Msampha unali wakuti ife timati "ndili ndi njala", "ndili ndi zaka 20", ndiye ndinkathamangira "have", pomwe eni chilankhulo amati "I am hungry", "I am 20". Kenako ndinatenga "have" yemwe amasanduka "has", "do" kukhala "does", "go" kukhala "goes". "Says" amalembedwa bwinobwino koma amatchulidwa ngati "sez", ndipo ndinakhala zaka ndikumulakwitsa popanda wondiuza.

Madzulo aliwonse ndinkalemba ziganizo zisanu zoyamba ndi "I". Ndikatero ndinkasintha "I" kukhala "she", kenako chiganizocho n'kuchisandutsa funso, pomaliza chokana, uku ndikuwerenga mokweza. Pa funso m'pamene ndinkagwa: "Does she has a phone?" Ndinadzazindikira kuti ka "s" kakasamukira pa "does" sikabwereranso kwa mneni winayo. Zolondola ndi "Does she have a phone?" ndi "She doesn't have a phone."

Aneni othandizira monga "can", "may", "must", "should" ndi "will" ndinawasiya kumapeto poganiza kuti ndi ovuta, chonsecho ndiwo osavuta. Salandira ka "s": "She can swim." Safuna "to" pambuyo pawo, n'chifukwa chake "He must to go" n'kulakwa (kupatula "ought", amene sayenda popanda "to"). Pofunsa safunanso "do", amangodumphira kutsogolo: "Can you come?" Pokana, "not" amangotsatira, ndipo "cannot" amalembedwa ngati liwu limodzi.

Amene anandichititsa manyazi ndi "must" ndi "have to". Pouza munthu zoyenera kuchita amamveka ofanana, koma pokana amasiyana kutali. Tsiku lina ndinalembera mnzanga wa kuntchito kuti "You mustn't come tomorrow", ine n'kumatanthauza kuti asavutike kubwera, ntchito yatha. Iye anamva kuti ndamuletsa, mpaka anandiimbira kufunsa chimene walakwa. Ndinayenera kulemba "You don't have to come", kutanthauza kuti sakukakamizidwa. Ndipo "have to" ameneyu si wa gulu la "must" kwenikweni: amalandira ka "s" ndiponso amafuna "do". Usiku umenewo ziganizo zanga zisanu zonse zinali za "She has to go" ndi "Does she have to go?"