Musanagule telesikopu: malangizo kwa oyamba kuyang'ana nyenyezi ku Salima

Funso loyamba la anthu ambiri ndi lakuti telesikopu imakuza zinthu kangati, ndipo funso limeneli ndi limene limatayitsa anthu ndalama. Pabokosi la telesikopu yotchipa pamalembedwa 525x kapena 675x, pamene galasi lake ndi la mamilimita 60 okha. Chimene chimaonetsa zakumwamba bwino ndi kutambalala kwa galasi lalikulu, chifukwa ndilo limasonkhanitsa kuwala. Malire a kukuza muwerengere chonchi: mamilimita a galasi muwachulukitse ndi 2. Galasi la mamilimita 70 limathera pa 140x, ndipo mukapitirira pamenepo mungoona chimbuuzi.

Kukuza kumachokera ku kagalasi koikapo diso. Ngati pathupi pa telesikopu palembedwa 900mm ndipo kagalasi kanu ndi ka 25mm, gawani 900 ndi 25, mupeza 36x. Ka 10mm kakupatsani 90x. Nthawi zonse yambani ndi ka 25mm, chifukwa kamaonetsa malo aakulu ndipo chinthu sichivuta kupeza. Mukachiika pakati m'pamene musinthe. Musadabwe chikamayenda n'kutuluka pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri: dziko likuzungulira madigiri 15 pa ola, ndiye muzikankha telesikopu pang'onopang'ono.

Ngati ndalama zili zochepa, ine ndingakulangizeni mabainokyula a 10x50 (okuza ka 10, a magalasi a mamilimita 50) m'malo mwa telesikopu ya miyendo yogwedera. Miyendo yofooka imaononga zonse, makamaka kuno kunyanja mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi. Amene muli nayo kale yotero, musatambasule miyendo mpaka kumapeto, ndipo mumangirire chigubu cha madzi cha malita 5 pakati pake kuti ilemere. Pamchenga ikani timatabwa pansi pa mwendo uliwonse kuti isamire.

Pamwamba pa telesikopu pamakhala kena kakang'ono kolozera. Kameneka kakonzeni masana. Lozani nsonga ya mtengo kapena mlongoti wa foni umene uli patali, uikeni pakati pa telesikopu yaikulu, kenako potokolani tizitsulo ta kolozerako mpaka nako kaloze pomwepo. Ambiri amene amadandaula kuti sakuona kanthu usiku amakhala atalumpha sitepe imeneyi. Koma chonde, musalozetse telesikopu kapena mabainokyula kudzuwa ngakhale kamphindi, ndipo ana musawasiyire okha masana. Diso limapsa nthawi yomweyo, osachiranso.

Mabuku ambiri amene amabwera ndi matelesikopu analembera anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo amati muloze nyenyezi ya Polaris, imene imasonyeza kumpoto. Kuno siioneka. Salima ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta, Nkhotakota 13. Ngati choimikira chanu ndi chopendekeka chokhala ndi manambala a madigiri, chiikeni pa 14 n'kuchilozetsa kummwera. Kuti mupeze kummwera, tsatirani mzere wautali wa nyenyezi za Southern Cross, zimene zimaoneka ngati mtanda, muutalikitse kanayi ndi theka kulowera ku phazi la mtandawo, kenako mutsike molunjika pansi.

Nyanja ili ndi zake. Usiku wopanda mwezi, umene uli wabwino kwa ife, ndi womwewonso asodzi a usipa amayatsa nyali zawo, choncho ku Senga Bay kapena ku Chipoka khalani poti nyumba kapena chitsamba chikutchingireni kuwalako. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kumakubwezerani poyambira. Tochi muikute ndi pulasitiki wofiira, ndipo pulogalamu ya Stellarium, imene imasonyeza nyenyezi zimene zili kumwamba panthawiyo, ili ndi poisinthira kuti iziwala mofiira. Vuto lina ndi mame. Chinyezi cha kunyanja chimamata pagalasi usiku ukamapita, nyenyezi n'kuyamba kuzimiririka ngati kwachita mitambo. Pindani katoni, mkati mwake mukhale mwakuda, muiveke kutsogolo kuti itulukire masentimita 15 kapena 20. Galasi likanyowa musalipukute ndi malaya, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamalikanda. Lisiyeni liume lokha m'nyumba, ndipo muvundikire litauma, apo ayi limachita nguwi.

Tulutsani telesikopu panja theka la ola musanayambe kuti izizire mofanana ndi mpweya. Musayang'ane modutsa pamwamba pa malata kapena thanthwe limene latentha tsiku lonse, chifukwa mpweya wofunda ukamakwera chithunzi chimavinavina. Zimene zangotuluka kumene kummawa, pamwamba pa madzi, n'zokongola ndi maso koma m'telesikopu zimanjenjemera. Dikirani zikwere madigiri 30, kumene ndi pafupifupi zibakera zitatu mutatambasula mkono.

Nyengo yabwino koposa ndi Meyi mpaka Julayi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba nyenyezi zosawala kwambiri, ngakhale mwezi ndi mapulaneti zimaonekabe.

Yambani ndi mwezi, koma osati wathunthu, chifukwa umathobwa m'maso ndipo sukhala ndi mithunzi. Ukakhala theka, yang'anani pamalire a mdima ndi kuwala, pamene mapiri ndi maenje ake amaonekera bwino. Pulaneti ya Jupiter ili ndi miyezi ikuluikulu inayi imene Galileo anaiona mu 1610: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Imaoneka ngati timadontho tondondozana, ndipo mawa lake mupeza tasintha malo. Mphete za Saturn zimayamba kuoneka pa 30x kapena 40x. Nthanda nayo, imene ndi pulaneti ya Venus, imaoneka ya theka kapena yongʼambika ngati mwezi watsopano.

Madzulo a Meyi ndi Juni, Southern Cross imakwera madigiri oposa 40. Pambali pa nyenyezi yake ya Mimosa pali kagulu kotchedwa Jewel Box, ndipo chakumtunda kuli Omega Centauri, mpira wa nyenyezi mamiliyoni umene m'mabainokyula umaoneka ngati kamtambo kozungulira. Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kutifike, pa 90x imagawika n'kukhala nyenyezi ziwiri. Mu Julayi ndi Ogasiti chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba chimadutsa pafupifupi pamutu penipeni, ndipo apa yalani mphasa mugone chagada ndi mabainokyula. M'dzinja, mvula ikakata usiku n'kutsuka fumbi, funani Nsangwe ndi mtambo wa Orion Nebula. Mitundu yofiira ya pazithunzi za pa intaneti musaiyembekezere, chifukwa imatuluka ndi kamera. Diso limaona kamtambo kotuwa, ndipo kamaoneka bwino mukayang'ana chapambali pang'ono m'malo molunjika.