Moto ukazima, mafuwa amatenthabe

Sabata ino ndalimbana ndi mutu umodzi wa phunziro la kusintha kwa nyengo, ndipo ndivomere kuti poyamba ndinaumva mokhota. Ndi wa kutentha kumene tinadziputira kale, kumene kudzatsalebe ngakhale titaleka lero kutulutsa mpweya wotenthetsa dziko.

Ine ndinkaganiza kuti mafakitale ndi magalimoto zikangoima, dziko lizizira. Ayi ndithu. Mafakitale asanayambe, mpweya wa carbon dioxide unali cha m'ma 280 ppm, kutanthauza magawo 280 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wa m'mlengalenga. Pamene wasayansi Charles Keeling ankayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 unali cha m'ma 315, ndipo lero wadutsa 420. Gawo lina la mpweyawu limakhala m'mlengalenga zaka mazanamazana. Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a za kusintha kwa nyengo la United Nations, likusonyeza kuti titaleka kotheratu kuutulutsa, kutentha kungaime pafupi ndi pamene kwafika, koma osati kubwerera msanga. Chimene chinanditsegula m'maso ndi mafuwa a kukhitchini kwa agogo: moto unazima kalekale, koma ukawagwira amakuotcha. Mafuwa a dziko lapansi ndi nyanja zamchere. Zamwa pafupifupi 90 peresenti ya kutentha kowonjezerako, ndipo madzi ake apitiriza kukwera kwa zaka mazana.

Kumene ndinaima nthawi yaitali ndi pa malire osabwererapo. Bwato ukalipendeketsa pang'ono limadzuka lokha. Ukapyola pena pake limagubuduka, ndipo kuleka kulikankha sikulidzutsanso. Madzi oundana a ku Greenland ndi otero: akamasungunuka, pamwamba pake pamatsikira kumene mpweya ndi wofundirapo, ndiye kusungunukako kumadzikolezera kokha. Atatha onse, nyanja ingakwere pafupifupi mamita 7, ngakhale kuti zimenezo zingatenge zaka masauzande. Nkhalango ya Amazon nayo imadzipangira gawo la mvula yake. Mitengo ikachepa kwambiri, yotsalayo imayamba kuuma.

Kale 1.5°C ya m'pangano la ku Paris la 2015, imene mayiko anagwirizana kuyesetsa kuti kutentha kwa dziko kusakwere kuipitirira poyerekeza ndi nthawi imene mafakitale anali asanayambe, ndinkangoiloweza kuti ndikhoze mayeso. Tsopano ndaona kuti kachigawo kalikonse ka digiri kamatisendezera kufupi ndi malire amenewa. Chaka cha 2024 chinadutsa 1.5°C, ngakhale kuti panganolo limawerenga kutentha kwa zaka zambiri pamodzi, osati chaka chimodzi. Mawa ndiyamba za nthaka youndana ya ku Siberia, imene ikasungunuka imatulutsa methane, mpweya wina wotenthetsa dziko.