Kagalu ka pa lesitilanti kabayitsa

Anthu inu kagalu kanga kaja kakwanitsa miyezi 3 ndiye dzulo ndinakakabayitsa katemera wa chiwewe kwa a vetenale, kulira kwake mpaka anthu kumacheuka koma basi zatheka. Amene muli ndi agalu ku Chibavi, Zolozolo konseko chonde kabayitseni, chiwewe chikangoyamba kuonekera pa munthu palibenso mankhwala.

Mmamawa ndikamayatsa mbaula ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno iko kafika kale pambali kuotha moto, ine ndikupala batala wa ku Nkhata Bay iko maso ali pa beseni osaphethira. Vuto ndi makasitomala anga a kondowole, amakaponyera minga pansi pa tebulo ati chifundo, abale musatero minga imakakamira pakhosi ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka nkukabaya m'mimba. Ine ndimakapatsa nsima ndi usipa wosinja, anyezi ndi tsabola ayi.

Nthawi ya lanchi ndimakamangirira kuseri, kukhitchini sikalowa olo kalire bwanji. Lero kuli batala, nyemba ndi mpunga wa Kilombero, fikani isanakwane 1 koloko chifukwa a ma minibasi akangotulukira mapoto amayera.