Lipoti la ulendo wathu wa ku District Six Museum

Loweruka lapitali gulu lathu lothandizana pa maliro, la Amalawi okhala ku Capricorn ndi madera oyandikana nawo, linapita kukaona myuziyamu ya District Six m'tauni ya Cape Town, yosunga mbiri ya dera la District Six limene boma la tsankho linagumula. A komiti anandituma kuti ndilembe zimene tinaona, kuti inu amene munatsala chifukwa cha ntchito mumveko. Tinakwera sitima pa Steenberg m'mawa n'kukatsikira pa siteshoni yaikulu. Kuchoka apo tinayenda wapansi kudutsa pa Grand Parade, pafupi ndi City Hall pamene Nelson Mandela analankhula kwa khamu la anthu atangotuluka m'ndende mu 1990, mpaka tinalowa msewu wa Buitenkant.

Nyumbayo kale inali tchalitchi cha Methodist, ndipo anaitsegula ngati myuziyamu mu 1994. Amene anatiyendetsa ndi bambo wachikulire amene anabadwira m'dera lomwelo. Mukapita, musalole kuyenda nokha. Pemphani mmodzi wa akuluakulu amenewa, chifukwa zimene zili pa khomapo ndi moyo wawo.

Anatiuza kuti deralo linapatsidwa dzina limeneli mu 1867, pokhala chigawo chachisanu ndi chimodzi cha mzindawu. Poti linali pafupi ndi doko ndiponso malo a ntchito, munadzaza anthu a mitundu yonse: ana a akapolo omasulidwa, Asilamu, Axhosa, Amwenye, Ayuda ochokera ku Ulaya, makaladi ndi azungu osauka. Oyamba kuthamangitsidwa anali anthu akuda, mu 1901, pamene boma linapezerapo mwayi pa mliri wofala ndi makoswe n'kuwasamutsira ku Ndabeni. Chimkuntho chenicheni chinadza pa 11 February 1966, pamene boma la tsankho linalengeza kuti malowa ndi a azungu okha, potsata lamulo la Group Areas Act la 1950. Makatapila anagumula msewu ndi msewu, ndipo pofika 1982 anthu oposa 60,000 anali atawataya ku mchenga wa Cape Flats.

Mukangolowa, pansi ponse pali mapu aakulu a deralo, ndipo mumayenda pamwamba pake. Eni malo akale anagwada pamenepo n'kulemba ndi manja awo maina a mabanja awo, aliyense pamene panali khomo lake. Malembo ena ndi okhota, ena akufufutika. Amayi athu a msungichuma anaima m'mphepete nthawi yaitali, akuti mtima sukuwalola kuponda maina a anthu ndi nsapato. Bambo aja anawagwira dzanja n'kuwatengera pamene panali nyumba ya makolo a bambowo, n'kuwalozera njira imene ankadzera popita kusukulu.

Pamwamba pa mapuwo palendewera zikwangwani zenizeni za misewu, zachitsulo, zina zadzimbiri. Kapitawo wina wa ogumulawo anazisunga mobisa m'malo mozitaya, ndipo patapita zaka zambiri zinafika m'nyumbayi. Apa m'pamene gulu lonse linasiya zojambula pa foni. Mnyamata wina anawerenga mokweza kuti Hanover Street, ndipo bambo aja anatiuza kuti uwu ndiwo unali msewu waukulu wa deralo, wa mashopu ndi msika wa nsomba, ndipo Hanover Park, dera lina la ku Cape Flats, anaitcha potengera msewu umenewo. Anatinso Lavender Hill, amene tinayandikana nayeyu, dzina lake linachokeranso ku District Six komweko. Ife timadutsa m'mafulati amenewo tsiku ndi tsiku, timaopa zigawenga zake, nthawi zina timawanena anthu ake kuti ndi ovuta. Koma agogo ambiri amene timawaona atakhala pa masitepe aja anakulira pansi pa phiri la Table, akuyenda wapansi popita kuntchito, kutchalitchi ndi kumzikiti. Anawachotsa pakati pa abale ndi anansi awo n'kuwamwaza m'madera osiyanasiyana, banja lina uku lina uko, potengera khungu. Ine ndinaona kuti ulendo wonse unali wa mfundo imeneyi, ndipo ndikupempha kuti tizikumbuka tisanatsegule pakamwa kunena za aneba athuwa.

Anatisimbiranso za a Noor Ebrahim, mmodzi wa amene anayambitsa nawo myuziyamuyi. Iwo atasamukira ku Athlone anatenga nkhunda zawo. Tsiku limene anazitsegulira sizinabwerere, ndipo anakazipeza zitatera pa bwinja pamene panali nyumba yawo mu Caledon Street.

Zina tinangodutsamo mwachangu chifukwa nthawi inatha: nsalu yaitali imene anthu analembapo mauthenga n'kuwapeta ndi ulusi, benchi yolembedwa kuti ndi ya azungu okha, zithunzi za maukwati ndi magulu oimba. Pali kachipinda kena kamene anakakonza monga mmene banja linkakhalira, bedi, tebulo ndi ziwiya zonse m'chipinda chimodzi, ndendende zipinda zimene ambirife tikuchita lendi.

Titatuluka tinakwera mtunda kukaona malo enieniwo. Boma la tsankho linawatcha Zonnebloem, koma makampani ambiri anaopa kumangapo, moti mpaka lero mbali yaikulu ndi udzu ndi zibuma zosweka pakati pa mzinda wodula chonchi. Chachikulu chimene chinamangidwa ndi sukulu ya Cape Technikon, imene pano ndi yunivesite ya CPUT (Cape Peninsula University of Technology). Zimene zinapulumuka ndi nyumba zopemphereramo, monga tchalitchi cha St Mark's ndi mzikiti wa mu Muir Street, ndipo anthu amachokabe kutali kudzapemphera momwemo. Pa 11 February 2004 Mandela anapereka makiyi kwa oyamba kubwerera, a Ebrahim Murat ndi a Dan Ndzabela, onse ali ndi zaka zoposa 80. Kubweza malo kukuyenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ambiri amwalira akudikira.

Pobwerera m'sitima tinagwirizana kuti pa holide ya December tipitenso ndi ana, popeza ambiri a iwo akuphunzira limodzi ndi zidzukulu za anthu amenewa. A tcheyamani apempha kuti kholo lililonse lofuna lilembetse kwa alembi pa msonkhano wa mwezi uno, kuti tikapemphe wotiyendetsa nthawi ikadalipo.